Ndalama zothandizira ana zizifika kwa munthu amene amabweranso pakhomo

Boma la America litaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena mu Januwale 2025, nkhani imene idatenga malo kuno ku Mzuzu, m'maminibasi, m'misika ndi pa wailesi, idali ya mankhwala otalikitsa moyo, ndipo zidayeneradi kutero, pakuti munthu amene amadalira ma ARV sangadikire kuti akuluakulu a ku Washington agwirizane kaye. Koma m'nyengo yomweyo mudazilalanso ntchito ina imene idasowa woilira. Ndikunena ntchito ya anthu amene amayenda khomo ndi khomo kukacheza ndi mabanja za kayamwitsidwe ka khanda, kaphikidwe ka phala, kusamba m'manja, kusewera ndi mwana, kumulanga popanda kumuvulaza, ndi kusunga mtsikana pasukulu mpaka amalize. A mabungwe amaitcha ntchito yosintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka anthu. Bungwe la boma la America lopereka thandizo la USAID lidatsekedwa pakati pa chaka chomwecho, dziko la Britain nalo lidalengeza kuti lichepetsa thandizo lake, choncho ndalama zimene zatsala n'zochepa ndipo ozifuna ndi ambiri. Ine ndine msungichuma wa komiti ya sukulu ya mkombaphala ya pa tchalitchi chathu, ndipo zimene ndaona m'buku la ndalama komanso m'makomo a ana athu zandifikitsa pa ganizo limodzi. Ndalama za ntchito imeneyi, kaya zichokere kunja kaya kukhonsolo, zimapindula pokhapokha zikafika kwa munthu wa m'dera momwemo amene amabwereranso pakhomo lomwelo kwa zaka zingapo, koma m'kagawidwe kamene tidazolowera munthu ameneyu ndiye amaganiziridwa pomalizira.

Dziko lino lidachita bwino kwambiri pochepetsa imfa za ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 1992 adapeza kuti ana 234 mwa 1,000 aliwonse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pamene wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 63. Katemera, maneti a udzudzu, mankhwala a malungo ndi tizipatala ta m'midzi ta alangizi a zaumoyo zidathandiza kwambiri, ndipo zambiri mwa izi ndi zinthu zimene zimagulidwa, kuwerengedwa ndi kutsitsidwa mu lole. Kafukufuku wachiwiriyo adaonetsanso mbali imene lole singatibweretsere. Ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndiwo ankalandira chakudya chakasinthasintha pa nthawi zokwanira patsiku. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti chiwerengero cha makanda osakwana miyezi 6 oyamwa bere lokha chidatsika kuchoka pa 71 mwa 100 mu 2010 kufika pa 61. Mkaka wa m'mawere sugulidwa m'golosale, ndipo palibe mayi amene amapita kusikelo osamva za ubwino wake. Ngati chiwerengerochi chidatsika, ndiye kuti vuto silili pa kusamva uthenga, koma pa zimene zimachitika mayi akabwerera kunyumba, kumene kuli ntchito ya kumunda, njala yake yomwe, ndi anthu ena amene mawu awo ndi olemera kuposa ake.

Mlamu wanga wina, amene adakwatiwa kumudzi wa kufupi ndi Ekwendeni, wakhala akuyendera mabanja m'keyagulupu ya kumeneko, gulu la anthu ongodzipereka oyendera makomo, kwa zaka zambiri. Tsiku lina ndidamuperekeza pakhomo pamene padali mtengwa wachitsikana wa khanda la miyezi inayi, mwamuna wake ali ku Joni monga alili anyamata ambiri a m'boma la Mzimba. Mtengwayo ankadziwa bwinobwino kuti mwana sayenera kupatsidwa china chilichonse kupatula bere mpaka atakwana miyezi 6, koma pakhomo pa apongozi mawu ake sakadaposa a agogo a mwanayo, amene adali atayamba kale kumumwetsa madzi a mizu ndi kaphala kamadzimadzi. Mlamu wanga sadatulutse buku la zithunzi limene lidali m'chikwama chake. Adakhala pamphasa n'kuyamba kuthandiza agogowo kuswa mtedza, ndipo adacheza m'Chitumbuka za mvula ndi za maliro a m'mudzi woyandikana nawo kufikira nkhani ya mwana idabwera yokha.

"Mwana wanga," adatero agogowo, "ana onse ukuwaona pamudzi panowa ndidalera ndine, ndipo palibe wa chipatala amene adadzukapo usiku kudzandithandiza."

"Zoona zimenezo, agogo, za kulera ife timaphunzira kwa inu," adayankha mlamu wanga. "Ine ndimafuna mundiuze, mdzukulu wanuyu akamalira usiku, inu mumaona kuti chavuta n'chiyani?"

Agogowo adafotokoza kuti mwana sakukhuta, chifukwa mayi wake amalawirira kudimba, pobwerako amapita kumjigo, ndipo amafika pakhomo dzuwa lili pamutu asanalawe kanthu. Vuto lenileni adali ataliona bwino kuposa tonsefe, ndipo chimene chidali cholakwika ndi njira yokha imene adasankha yolithetsera. Kuyambira pamenepo nkhani idatembenukira pa zoti ndani angatunge madzi m'malo mwa mtengwa, ndiponso ngati ina mwa ndalama zochokera ku Joni ingalipire waganyu kudimba. Tsiku limenelo palibe chidasintha, ndipo mwana woyambayo adapitiriza kulandira kaphala kake. Mlamu wanga ankangobwererabwerera pakhomopo mwezi ndi mwezi. Mtengwayo atabereka mwana wachiwiri, agogo omwewo ndiwo ankatuma mdzukulu wamkulu kumjigo ndi kukaniza aliyense kumwetsa khanda madzi. Nthawi imeneyo pulojekiti imene idaphunzitsa mlamu wanga idali itatseka kalekale, moti kusintha kwa pakhomo limeneli sikudalembedwe mu lipoti la wina aliyense.

Zimenezi si zachilendo kwa anthu a ku Ekwendeni, pakuti kumeneko kuli umboni wolembedwa. M'chaka cha 2000, ogwira ntchito pa chipatala cha Ekwendeni cha Sinodi ya Livingstonia, pamodzi ndi ofufuza a ku Canada, adayamba ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities chifukwa cha kuchuluka kwa ana onyentchera m'midzi yozungulira. Adayamba ndi kulimbikitsa alimi kubzala nandolo, mtedza ndi soya kuti chonde chibwerere m'nthaka ndiponso kuti pakhomo pazipezeka zakudya zomanga thupi. Posakhalitsa adaona kuti kukolola kokha sikukwanira, popeza m'mabanja ena abambo ankagulitsa zokololazo, ndipo pa kadyetsedwe ka khanda mawu omaliza ankakhala a agogo aakazi a kuchimuna, amene maphunziro a kusikelo sankawafikira. Choncho adayambitsa magulu okambirana momwe munkakhala agogo, abambo ndi amayi, komanso masiku ophika pamodzi pamene amuna ankagwira nawo mthiko pamaso pa mudzi wonse. Ofufuzawo atayeza ana kwa zaka zingapo adapeza kuti kakulidwe kabwino kadaonekera kwambiri m'midzi imene idakhala nthawi yaitali m'ntchitoyi ndi imene idatenga nawo mbali mwakhama. Ntchito imeneyi yatha zaka zoposa 20. Ikadapatsidwa miyezi 18 yokha, ikadatseka isanazindikire n'komwe kuti ofunika kukhala nawo pansi ndi agogo.

Tsono kaperekedwe ka ndalama kamene tidazolowera n'kotsutsana ndi zimenezi. Pulojekiti imapatsidwa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Miyezi yoyamba imathera pa kulemba antchito, kugula galimoto, kuchita kafukufuku woyambirira ndi kukadzionetsa kukhonsolo, ku komiti ya chitukuko ya dera ndi kwa mafumu. Kenaka amaphunzitsa aphunzitsi a aphunzitsi, kawirikawiri ku hotela ya kunyanja, ndipo maphunzirowo amatsika pang'onopang'ono mpaka kufika kwa mayi wongodzipereka atasanduka masiku atatu m'kalasi ya pulaimale, chitenje chimodzi ndi buku la zithunzi. Miyezi yomaliza imathera pa kafukufuku wotsekera ndi kulemba malipoti. Nthawi yeniyeni yoyendera makomo imatsala yosakwana chaka, chonsecho uthenga umene akulalikira ndi wa masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, nyengo imene payokha ndi yaitali kuposa pulojekitiyo. Zili ngati kuthirira mbande ya mtengo mgolo wonse wa madzi tsiku lobzala, n'kusabweranso chilimwe chonse. Sindikunyoza maphunziro kapena kafukufuku, ndipo alawansi ya munthu amene wagona kunja chifukwa cha ntchito ndi yoyenera. Chimene ndikukana ndi kulemera kwa mbali ya kumtunda poyerekeza ndi ya kumunsi.

Kawerengedwe ka zotsatira nako kamakokera ndalama kolakwika. Malipoti ambiri amafunsa kuti uthenga wafikira anthu angati. Galimoto ya zimkuzamawu ikaima pafupi ndi msika wa Vigwagwa masana amodzi, pali oimba ndi a zisudzo, m'lipoti mumalowa anthu zikwizikwi, pamene mayi amene wayendera makomo khumi chaka chonse amalowetsamo khumi basi. Aliyense woyang'ana manambala awiriwa ali ku ofesi adzasankha galimoto. Wailesi ndi zisudzo zili ndi malo ake, makamaka pa mliri monga kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo idavuta kwambiri kwa anansi athu a ku Nkhata Bay, pakuti pamenepo uthenga umafunika kufala tsiku lomwelo. Koma chizolowezi cha pakhomo chimayezedwa ndi zinthu zina, ndipo zambiri zilipo kale popanda kulipira kafukufuku wodula: mzere wa kakulidwe m'kabuku ka sikelo, kaundula wa kusukulu, mpondagiya wokhala ndi madzi ndi sopo miyezi isanu ndi umodzi alendo atapita. Ine ndikadakhala wopereka ndalama ndikadafunsanso funso limene silifunsidwa kawirikawiri, lakuti mwa anthu amene mudawaphunzitsa zaka zitatu zapitazo, ndi angati amene akuyendabe m'makomo lero.

Yankho la funso limeneli limatifikitsa pa nkhani ya malipiro. Njira ya makeyagulupu idayambira ku Mozambique mu 1995 ndi bungwe la World Relief, ndipo kuno idafala dziko lathu litalowa m'gulu la maiko olimbikitsa kadyedwe koyenera la SUN mu 2011. Mphamvu yake ndi yakuti munthu mmodzi wongodzipereka amayang'anira makomo pafupifupi khumi a anansi ake, ntchito imene ingatheke popanda kusiya munda. Koma m'kupita kwa nthawi pulojekiti iliyonse yobwera imasenzetsa mayi yemweyo katundu wina: lero kadyedwe, mawa ukhondo, mkuja kulera, kenaka kulemba mafomu ndi kuyenda nawo makilomita angapo kukapereka. Alezi a sukulu za mkombaphala ndiye ntchito yawo ndi ya m'mawa uliwonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Pa sukulu yathu makolo amasonkha ufa wa mgaiwa, soya, nkhuni ndi kandalama ka shuga ndi sopo, ndipo m'buku langa mumaoneka bwino mmene chaka chimayendera. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala zopereka zimabwera, phala limaphikidwa, ndipo ana amadzaza khonde. Ikafika Januwale ndi Febuluwale zopereka zimauma, moto suyaka, ana amachepa, ndipo mlezi amene naye ali ndi ana ake amabwera kudzatsanzika mwaulemu kuti wapeza ganyu yochapa kwa anthu a ku Katoto. Palibe amene angamuimbe mlandu. Wolowa m'malo mwake amakhala wosaphunzitsidwa, ndipo ndalama zonse zimene zidaonongedwa pophunzitsa woyamba uja zimapita naye. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuchoka kwa alezi kudafulumira, chifukwa tsiku limodzi losagwira ntchito yolipidwa lidayamba kutanthauza kugona ndi njala.

Ena amati kulipira anthu ongodzipereka kumapha mtima wodzithandiza, ndipo ndalama zikadzatha ntchito idzatheranso pomwepo. Mantha amenewa ndimawamvetsa, pakuti tonse taonapo misonkhano imene anthu amafunsa za alawansi asanafunse mutu wa nkhani. Koma ndimaona kuti mfundo imeneyi imanenedwa kawirikawiri ndi anthu amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi, ponena za amayi osauka amene salandira kanthu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo mu 2018 onena kuti ogwira ntchito zaumoyo m'madera azilandira malipiro ogwirizana ndi kuchuluka kwa ntchito, maola ndi maphunziro awo. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Woyendera anansi khumi kawiri pamwezi angakhale wongodzipereka, malinga ngati ali ndi womuyang'anira amene amabweradi kudzamuona, zipangizo zosatha ndi ulemu pamaso pa mfumu. Koma wolera ana a anthu ena m'mawa uliwonse ndi wantchito, ndipo kangachepe kodalirika ka mwezi ndi mwezi kamamanga ntchito kuposa alawansi yaikulu ya kamodzi pachaka. Boma lidayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena ophunzitsidwa, zimene n'zoyamikika, koma ochuluka akugwirabe ntchito ndi manja okha.

Pali chinthu chinanso chimene ndimachiopa pa ntchito yosintha kachitidwe ka anthu, ndicho kusandutsa umphawi kukhala kulakwa kwa mayi. Kuuza munthu za magulu asanu ndi limodzi a zakudya pamene m'nyumba mwake muli thumba la ufa lopanda kanthu n'kumuchititsa manyazi chabe. Nthawi zina chakudya chilipodi ndipo chosowa ndi chizolowezi, monga kuno kumene mapeyala ndi nthochi zimachuluka pa nyengo yake, usipa umabwera kuchokera kunyanja, ndipo supuni ya nsinjiro kapena usipa wosinja ingasinthe phala la mwana popanda kuononga zambiri. Koma nthawi zina chakudya kulibe, ndipo pamenepo mawu okha sathandiza. Ku Bangladesh, pakati pa 2012 ndi 2014, bungwe loona za chakudya pa dziko lonse la WFP ndi ofufuza za chakudya a bungwe la IFPRI adayesa zimenezi pa mabanja osauka kwambiri. Kumpoto kwa dzikolo, amayi amene ankalandira ndalama zokha sadaone kusintha kwenikweni pa kupinimbira kwa ana awo, pamene kwa amene ankalandira ndalama pamodzi ndi maphunziro a kadyedwe sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, kupinimbira kudatsika ndi ana pafupifupi 8 mwa 100. Kumaphunziro amenewo ankaitanirako abambo ndi apongozi, monga momwe a ku Ekwendeni adachitira. Ife tili kale ndi Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ali m'maboma onse, komanso mabanki m'khonde amene ali paliponse. Chanzeru n'kulumikiza zimenezi ndi woyendera makomo, kuti banja limene likulandira ndalama likhale lomwelo limene likuchezeredwa, m'malo moti pulojekiti ya ndalama ndi ya uphungu ziziyenda m'midzi yosiyana chifukwa eni ndalama ake ndi osiyana.

Mumzinda muno muli vuto lakelake. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu, ndipo ambiri mwa ana ovutika ali m'malo monga Masasa, Ching'ambo, Salisbury Line ndi mbali zina za Chibavi, m'nyumba za lendi zomangidwa m'zigwa ndi m'matsitso, zina mwa izo m'madera amene adakhudzidwa ndi madzi osefukira a mu Epulo 2016. Dongosolo la makomo khumi lidapangidwira mudzi, kumene anansi ndi achibale ndipo sasamuka. Kuno mayi amadzuka kusanache kukapikula tomato kapena nsomba, khanda amalisiya ndi mchemwali wake wa zaka zisanu ndi zinayi amene tsiku limenelo sapita kusukulu, ndipo likalira amaligulira tokazinga ta m'mapaketi ta pa okala. Woyendera makomo akafika m'mawa amapeza chitseko chokhoma, ndipo pakutha pa miyezi itatu banjalo lasamuka chifukwa cha lendi. Chofunika kuno ndi kukumana ndi amayi pamsika, kutchalitchi kapena kumzikiti, kugwira ntchito ndi mabuloko lida, ndiponso malo osungirako ana otsegula tsiku lonse osati m'mawa wokha. Anthu a m'maderawa amazidziwa zimenezi, koma ndondomeko ikalembedwa kale ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, ndipo tambala iliyonse yamangiriridwa pa mzere wake, palibe mpata wosintha njira pakati pa ulendo. Chimodzimodzinso ndi chilankhulo. Mumzinda Chichewa chimamveka, koma ukangotuluka kulowera ku Ekwendeni kapena kutsikira ku Nkhata Bay, agogo amatsegula mtima m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, ndipo ndalama yomasulira mabuku a uphungu ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mafuta a galimoto.

Pa nkhanza ndi maukwati a ana, kufunika kwa munthu wokhalitsa n'kwakukulu koposa. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Malamulo tili nawo, pakuti lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti makolo asamaloleze ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Komabe sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu 2020, boma lidapeza maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi mimba za atsikana zoposa 40,000. Kuthetsa ukwati ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza adationetsa kuti n'zotheka. Chovuta chimayamba m'mawa mwake. Kwathu kuno pali malowolo oti abwezedwe, amene mwina adadyedwa kale, pali fizi ndi yunifomu, pali khanda lofuna woliyang'anira, ndiponso pali kunyozedwa m'kalasi. Nambala ya ulere ya 116 imathandiza kuti nkhani imveke, koma amene amachititsa kuti mtsikanayo asabwerere kwa mwamuna pakutha pa teremu ndi mayi wa m'gulu la amayi la pasukulu amene amamufunsa sabata iliyonse kuti dzulo sadabwere chifukwa chiyani.

Pa msonkhano wa maiko wokambirana za thandizo la pa ngozi ku Istanbul, m'dziko la Turkey, mu 2016, opereka thandizo akuluakulu adalonjeza kuti pofika 2020 gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za thandizo la pa ngozi lizipita molunjika kwa mabungwe a m'maiko momwemo, ndipo lonjezolo silidakwaniritsidwe. Kagulu ka m'dera kakafuna kupempha ndalama kamapatsidwa fomu yaitali ya m'Chingerezi, yofuna malipoti a owerengera ndalama ndi umboni wakuti kadasungapo mamiliyoni, zimene kagulu kosunga ana pakhonde la tchalitchi sikangakhale nazo. Ndalama zazing'ono zoperekedwa kwa zaka zisanu, zotsagana ndi munthu wophunzitsa kasungidwe ka mabuku, zikadachita zambiri kuposa mtolo waukulu wa chaka chimodzi. Nafenso tili ndi mbali yathu. Kuyambira pa kubedwa kwa ndalama za boma kumene kudaululika mu 2013, otithandiza ali ndi chifukwa chokayikira, ndipo m'makomiti ang'onoang'ono namonso mumasowa ndalama. Komiti yofuna kukhulupiriridwa izisunga malisiti, izisainitsa anthu awiri kapena atatu potapa ndalama, ndipo izimata pakhoma zimene zalowa ndi zimene zatuluka kuti kholo lililonse liwerenge. Pa sukulu yathu timawerenga lipoti la ndalama pamaso pa makolo kumapeto kwa teremu iliyonse, ndipo ndaona kuti zopereka zimabwera mosavuta anthu akadziwa kumene thumba lililonse la ufa lidapita.

Koma zimene zidachitika mu 2025 zatiphunzitsa kuti kaleredwe ka ana athu sikangadalire chisankho cha dziko lina. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu ndi za khonsolo zimakonda kupita ku milatho ndi midadada ya sukulu, zinthu zofunikadi, zimenenso zimaoneka ndi maso pa nthawi ya kampeni. Mlezi wophunzitsidwa saoneka pa chithunzi ngati mlatho, koma phindu lake lidayezedwa. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, m'zaka za 1986 ndi 1987, ofufuza adatenga ana opinimbira a m'mabanja osauka, ndipo ena mwa iwo ankayenderedwa sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ndi ogwira ntchito zaumoyo a m'dera, amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kulankhula ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 adapeza kuti ana oyenderedwawo ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 peresenti kuposa anzawo amene sadayenderedwe. Mtsogoleri wolankhula za masomphenya a chitukuko a Malawi 2063 ayenera kudziwa kuti anthu amene adzakhale akuyendetsa dziko nthawi imeneyo ndi amene akukhala pa mphasa za mkombaphala lero. Mipingo nayo ili ndi chuma chimene pulojekiti iliyonse imachisirira, ndicho anthu osachoka. Amayi a Umanyano m'Sinodi ya Livingstonia, magulu a amayi a Chikatolika ndi a m'mizikiti amayenda kale m'makomo kukazonda odwala ndi kukapepesa maliro, ndipo kuwonjezerapo maphunziro abwino a kaleredwe ndi chopereka chapadera cha kamodzi pachaka si chinthu chopitirira mphamvu zathu. Izi sizichotsa udindo pa boma, chifukwa mpingo wa kudera losauka nawo umakhala wosauka, ndipo ana ofunika thandizo kwambiri ndi amene makolo awo sangasonkhe kanthu.

Komiti yathu yalemba kalata kwa khansala wa wodi yathu, ndipo sitidapemphe nyumba yatsopano ngakhale kuti tikuifuna. Tapempha kuti alezi athu aphunzitsidwe mokwanira ndi kulowetsedwa m'kaundula wa olandira kangachepe, kuti ufa ndi soya za Januwale mpaka Malichi zigulidwe pa nthawi yokolola mitengo isanakwere, ndiponso kuti mlangizi wa zaumoyo azibwera kudzayeza ana pasukulu pomwepo kamodzi pamwezi, tsiku limene tidzaitanenso abambo ndi agogo. Talembamo kuti thandizolo likhale la zaka zisanu, loti liziunikidwa chaka ndi chaka pogwiritsa ntchito buku lathu la ndalama ndi timabuku ta sikelo ta ana. Makomiti ena a mkombaphala mumzinda muno amene ali ndi vuto lofanana ndi lathu angachite bwino kulembanso makalata awo khonsolo isanamalize kukonza bajeti ya chaka chamawa, chifukwa makalata ochokera m'mawodi angapo adzakambidwa mosiyana ndi kalata imodzi.